Mtsempha wa m'dzanja ukaduka: kudikira, kusoka, kuika chigamba kapena kubwereka wina

Tiyerekeze telala amene wachekeka ndi galasi la zenera pamkono, povala wotchi paja. Magazi akutuluka kwambiri, anansi amumanga ndi chitenje n'kuthamangira naye ku chipatala chaching'ono. Kumeneko bala alitsuka, alisoka, amubaya jakisoni wa kafumbata. Patatha masabata awiri achotsa ulusi, chilonda chapola bwinobwino, pakhomo aliyense mtima pansi. Koma mwezi usanathe telala uja wapsa chala chamkombaphala ndi simbi osamva kanthu, wangodzidzimuka ndi fungo. Singano ikumupulumuka. Batani la malaya sangamange osayang'ana. Ndi chikomekome cha mkuyu chija: kunja khungu lagwirana, m'kati mtsempha udakali wodukabe.

Chisokonezo chimayambira pa dzina. M'Chichewa timati mtsempha ku zinthu zitatu zosiyana. Ulipo wa magazi. Chilipo chingwe choyera, cholimba, chimene chimachoka pa mnofu kukakoka fupa la chala, chimene achipatala amati tendon. Ndiye pali wachitatu, wofewa, woyererako, umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi dzanja, umene achipatala amati nerve. Munthu akabwera kunyumba n'kuti "adokotala asoka mtsempha", palibe amene akudziwa kuti asoka uti. M'nkhani ino ndikati mtsempha ndikunena wachitatuwu.

Dzanja limayendetsedwa ndi mitsempha itatu. Wa median umadutsa pakati penipeni pa mfundo ya dzanja, ndipo ndi umene umamvetsa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chachinayi. Umagwiritsanso ntchito mnofu wotukuka wa patsinde la chala chachikulu, umene timatsinira zinthu. Wa ulnar ndi uja amatiphulitsa ngati magetsi tikagunda chigongono pa tebulo. Umamvetsa chala chaching'ono ndi kuyendetsa timinofu ta m'chikhatho, ndipo ukafa zala ziwiri zakumapeto zimapindika ngati zikhadabo za kabawi. Wa radial umazungulira fupa la mkono wakumtunda ndipo ndi umene umadzutsa dzanja ndi kuwongola zala. Ukafa dzanja limangoti lende.

Mpikisano wa mtsempha ndi mnofu

Mtsempha suli ngati waya wa magetsi woti mukalumikiza babu liyaka pompo. M'kati mwake muli timaulusi tambirimbiri, ndipo kalikonse muzu wake uli kutali, ku msana. Mtsempha ukaduka, mbali yonse yakumunsi, kuyambira pabala mpaka kunsonga za zala, imafa m'masiku ochepa n'kutsala timakwalala topanda kanthu. Augustus Waller ndiye anafotokoza zimenezi ku London mu 1850, atadula mitsempha ya lilime la achule. Choncho dokotala akamasoka amangotsegula njira kuti timaulusi takumtunda timere mwatsopano, ngati dzungu likuyanga. Kuyangako ndi milimita imodzi pa tsiku, masentimita awiri ndi theka kapena atatu pa mwezi, ndipo palibe mankhwala, kutema mphini kapena kuthowa kumene kungafulumizitse.

Kutsidya linalo mnofu ukudikira, koma sudikira mpaka kalekale. Mnofu wosalandira mauthenga umayamba kufota, ndipo pakatha miyezi 12 mpaka 18 umasanduka chipsera ndi mafuta, moti mtsempha ukafika mochedwa supeza woulandira. Telala wathu atenge tepi yake ayeze kuchokera pachipsera kukafika pa mnofu umene wafa, awerengere tsiku limodzi pa milimita iliyonse, aonjezere mwezi umodzi woyambira ndi masiku onse amene anakhala asanachitidwe opaleshoni. Ngati bala lili povala wotchi, masamu amamukomera. Ngati lili m'khwapa kapena m'khosi, ulendo wokafika m'chikhatho umatenga pafupifupi zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo timinofu ta m'menemo timakhala titatha kale. Khungu lokha ndi limene limapirirako: kumva kutentha ndi kubaya kumatha kubwerera ngakhale patapita zaka. Njira zonse zimene ndikuyerekeza pano zimasiyana pa funso limeneli, loti mauthenga afika mnofu udakali moyo kapena ayi.

Tigwirizanenso tanthauzo la "kuchira". Madokotala amayeza mphamvu ya mnofu kuyambira 0 mpaka 5. Pa 0 palibe kugwedezeka kulikonse, pa 3 munthu amanyamula chiwalocho chopanda katundu, pa 4 amalimbana ndi dzanja la womuyeza, pa 5 ali ngati kale. Malipoti ena amawerenga 3 ngati chipambano. Koma chigongono cha 3 chimafikitsa dzanja kukamwa, sichinyamula ndowa kapena khasu. Mukauzidwa kuti opaleshoni yakutiyakuti imayenda bwino kwa anthu ambiri, funsani ngati akunena 3 kapena 4.

Kudikira

Kudikira nakonso ndi chithandizo, bola munthu adziwe chimene akudikira. Herbert Seddon, dokotala wa ku Britain amene anaona asilikali ambiri ovulala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anagawa kuvulala kwa mitsempha m'magulu atatu mu 1943. Pena mtsempha umangofinyika n'kukomoka timaulusi tonse tili tamoyo, monga zimachitikira munthu amene wagona tulo ta mowa atatsamiritsa mkono pa mpando, kapena amene ndodo zoyendera zamukanikiza m'khwapa. Umenewu umadzuka wokha, nthawi zambiri miyezi itatu isanathe. Pena timaulusi timaduka koma chikuto cha mtsempha chili chonse. Apa timamera tokha m'makwalala athu akale, ndipo zotsatira zake zimaposa za opaleshoni ina iliyonse. Gulu lachitatu ndi la mtsempha woduka wonse. Umenewu sudzilumikiza wokha ngakhale mutadikira zaka khumi.

Chitsanzo chabwino ndi kuthyoka kwa fupa la mkono wakumtunda. Kafukufuku wa mu 2005 amene anasonkhanitsa malipoti ambiri anapeza kuti mwa anthu 100 othyoka fupali, pafupifupi 12 dzanja limagwa chifukwa cha radial, ndipo mwa amene anangowasiya osawatsegula, 7 mwa 10 alionse anachira okha. Kutsegula aliyense tsiku loyamba kukanakhala kucheka anthu ambiri pachabe. Makanda amene mkono wafooka pobadwa nawonso ambiri amachira okha, koma amene wafika miyezi itatu osapinda chigongono ayenera kuonedwa ndi katswiri, osati kungomuthowa kunyumba.

Pali njira yaulere yodziwira ngati kudikirako kukupindula. Mukagogoda ndi chala motsata mtsempha, pamene pafika timaulusi tatsopano pamachita ngati shoko yothamangira ku zala. Chizindikirochi chimatchedwa dzina la Jules Tinel, dokotala wa ku France amene analemba za icho mu 1915. Lembani malowo, yezaninso mwezi wamawa. Ngati shoko ikutsika, mtsempha ukumera. Ngati yangoima pachipsera, kapena miyezi itatu yatha popanda kusintha kulikonse, kudikira kwatha ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma mwambiwu ndi wa mkono wothyoka kapena wofinyika khungu lili lonse. Kwa munthu wochekedwa ndi chikwanje, botolo, lata kapena mpeni, amene chala chake chachita dzanzi kuyambira tsiku lomwelo, mawu oti "dikirani zibwerera zokha" ndi amene amapha dzanja.

Kusoka mwachindunji

Ngati mtsempha wadulidwa ndi chinthu chakuthwa ndipo nsonga ziwirizo zikukumana popanda kukoka, palibe njira yoposa kuzisoka, makamaka m'masiku atatu oyamba. Dokotala amagwiritsa ntchito magalasi okulitsa kapena maikulosikopu, ndi ulusi wowonda kuposa tsitsi. Amasoka chikuto chokha, ndipo amayang'ana timitsempha ta magazi ta pamwamba pake kuti mtsempha usapotoke. Kenako dzanja limakhala m'chikhakha masabata atatu kapena kupitirirapo ngati matendon nawo asokedwa. Masiku akamapita nsonga zija zimabwerera m'mbuyo ngati lasitiki n'kumera chipsera, moti pakatha masabata angapo sizikumananso.

Bala la lamba wa chigayo, la ng'ona, la galu kapena la chipolopolo ndi losiyana. Pamenepa mtsempha waphwanyika, ndipo tsiku loyamba palibe amene angaone pomwe pathera povulala. Madokotala ambiri amatsuka bala, kuika chizindikiro pa nsongazo, n'kudzabwereranso pakatha masabata awiri kapena atatu. Kuchedwa kotere n'kwanzeru, kusiyana ndi kuiwala.

Tsono zotsatira zake zikufunika kunenedwa mosabisa. Gulu la madokotala a ku Rotterdam linasonkhanitsa mu 2005 zotsatira za mitsempha 623 ya median ndi ulnar yosokedwa mwamakono. Amene anapezanso mphamvu ya 4 kapena 5 anali theka lokha, ndipo amene kumva kunabwerera mokhutiritsa anali pafupifupi 4 mwa 10 alionse. Achinyamata osakwana zaka 16 anachira bwino kuposa anthu opitirira zaka 40, bala lakumtunda linali loipa kuposa lakumunsi, ulnar unavuta kuposa median, ndipo kuchedwa kunachepetsa mwayi. Izi ndi za m'zipatala zokhala ndi zipangizo zonse.

Chifukwa chake si dzanja la dokotala lokha. Timaulusi tikamaoloka posokapo timasochera: ka chala chachikulu kamakathera ku chala chapakati, ka mnofu kamakathera pakhungu. Ubongo umalandira mauthenga osokonekera n'kumayamba kuwaphunzira ngati chinenero chachilendo. Göran Lundborg ndi Birgitta Rosén a ku Malmö ku Sweden anaonetsa kuti ana osakwana zaka 10 ndi amene amaphunzira bwino kwambiri, ndipo luso limeneli limatsika munthu akamakula. N'chimodzimodzi banja likasamukira ku Mzuzu: mwana amayankhula Chitumbuka chaka chisanathe, bambo ake adakali pa moni. Munthu wamkulu angayembekezere kumva moto ndi minga, kugwira mpini, kutema nsima. Kusiyanitsa ndalama zachitsulo m'thumba osayang'ana ndi ochepa amene amakufikanso. Ambiri amadandaulanso kuti dzanja limawawa kukazizira, ndipo mamawa a mu June ndi July amawazunza kwa zaka.

Chigamba chochokera ku mwendo

Nsonga zikakana kukumana, kale madokotala ankapinda chigongono ndi dzanja mwamphamvu kuti azikumanitse, n'kumawongola pang'onopang'ono pambuyo pake. Hanno Millesi wa ku Vienna ndi anzake anaonetsa, makamaka m'lipoti lawo la mu 1972, kuti kukoka ndi mdani wamkulu: mtsempha wokokedwa sulandira magazi okwanira ndipo posokapo pamadzaza chipsera. Iwo anati ndi bwino kuika chigamba chosakoka kusiyana ndi kusoka mokakamiza, ndipo mfundo imeneyi ikugwirabe ntchito lero.

Chigambacho chimachokera m'thupi la wodwala yemweyo, kawirikawiri mtsempha wa sural umene umatsika kuseri kwa katumba kukadutsa pa kakolo wakunja. Mwendo umodzi umapereka masentimita 30 mpaka 40. Poti ndi wowonda kuposa median kapena ulnar, amaudula zidutswa zingapo n'kuziyala pamodzi ngati mtolo. Wodwala amadabwa akamva kuti mpata wakula kuposa bala lake, koma n'chifukwa choti dokotala ayenera kudula chipsera chonse cha nsonga ziwirizo mpaka ataona timaulusi tamoyo. Wosoka chipsera ku chipsera wangotaya nthawi ya wodwala.

Mtengo wake ulipo. Timaulusi tiyenera kuoloka mosoka muwiri m'malo mwa mumodzi, ndipo pamalo alionse ena amasochera. Chigamba chikatalika zotsatira zimatsika. Mwendo umatsala ndi chipsera ndi dzanzi m'mbali mwa phazi. Munthu amayenda ndi kuthamanga bwinobwino poti sural suyendetsa mnofu uliwonse, ndipo malo adzanziwo amachepa pakapita nthawi, koma mlimi woyenda chapansi ayenera kumayang'ana phazilo madzulo alionse. Ngakhale zili choncho, pa mtsempha waukulu umene waperewera, chigamba cha m'thupi ndi chimene njira zina zonse zimayesedwa nacho. Sichifuna kuitanitsa kanthu kunja. Chimafuna dokotala wodziwa, magalasi, ulusi woyenera ndi maola angapo ku fiyeta.

Kapaipi ndi mtsempha wogula

Pofuna kupewa kucheka mwendo, anthu anapanga timapaipi tosungunuka tolowetsamo nsonga ziwiri za mtsempha kuti timaulusi timere m'kati. Timagwira ntchito pa timitsempha tating'ono ta m'zala, mpata ukakhala waufupi, wosapitirira masentimita atatu, ndipo umachita bwino kwambiri ukachepera pamenepo. Pa mtsempha waukulu woyendetsa minofu, kapena pa mpata wautali, timagwiritsa mwala. Kumene kulibe timapaipi ta m'sitolo, kachidutswa ka mtsempha wa magazi ka pamkono wa wodwala kamatha kugwira ntchito yomweyo pa chala.

Palinso mtsempha wochokera kwa anthu omwalira amene anapereka ziwalo zawo, wotsukidwa mpaka kutsala makwalala okha kuti thupi lisaukane. Wodziwika kwambiri ndi Avance wa kampani ya Axogen ku America, umene umabwera wouma ndi chisanu, wotalika mpaka masentimita 7. Pa mitsempha ya m'zala zotsatira zake n'zolimbikitsa. Koma ndi wodula kwambiri, umafuna firiji yosazima, ndipo kafukufuku wake wamkulu analipiridwa ndi kampani yomwe imaugulitsa. Maganizo anga ndi oti banja lisagulitse munda kapena ng'ombe kuti likatsate chipangizochi ku Johannesburg kapena ku India pamene mwendo wa wodwala uli ndi chigamba chabwino chaulere.

Kubwereka mtsempha wapafupi

Apa ndi pamene maopaleshoni a mitsempha asintha kwambiri m'zaka 30 zapitazi, ndipo ndi nkhani yotikhudza chifukwa cha njinga zamoto za kabaza. Munthu akagwa pa njinga n'kufikira phewa, mutu n'kupita mbali ina, mtolo wa mitsempha wochoka m'khosi kupita ku mkono umakokeka. Mtolowu uli ndi mizu isanu. Pena mizu imaduka, pena imazuka m'fupa la msana momwe, ndipo yozuka palibe amene angaisoke kapena kuiika chigamba, poti kumtunda kulibe chogwira. Mnyamata amadzuka m'chipatala mwendo uli m'chikhakha, aliyense maso ali pa mwendo, ndipo za mkono wolendewera amangoti ndi kutupa.

Mizu iwiri yakumtunda ikawonongeka, phewa ndi chigongono zimafa koma zala zimagwira ntchito. Christophe Oberlin wa ku Paris anafalitsa mu 1994 nzeru yosavuta kumva. M'kati mwa mkono wakumtunda, mtsempha wa ulnar, umene uli wamoyo, umadutsa pafupi kwambiri ndi kanthambi kakufa kolowa m'katumba wopinda chigongono. Iye anapatula kagawo kamodzi ka ulnar n'kukalumikiza ku kanthambi kaja. M'malo moyenda ulendo wonse kuchokera m'khosi, timaulusi timangoyenda masentimita ochepa, ndipo katumba amayamba kugwedezeka pakatha miyezi yochepa. Dzanja silifooka moti n'kuoneka, chifukwa magawo otsala a ulnar amakwanira. Ndi ngati mudzi umene mjigo wafa ukakoka paipi kuchokera kwa oyandikana nawo m'malo modikira madzi ochokera ku boma.

Lipoti loyamba la Oberlin linali la odwala anayi okha, koma ena anatsatira. Somsak Leechavengvongs wa ku Bangkok, mzinda wa njinga zamoto zambiri, analemba mu 1998 za odwala 32, ndipo 30 mwa iwo anafika pa mphamvu ya 4. Iye yemweyo anadzafalitsa njira yobwereka nthambi ya mnofu wowongola chigongono kuti idzutse phewa. Susan Mackinnon wa ku St. Louis anawonjezera kubwereka ku median ndi ku ulnar nthawi imodzi, komanso kubwereka kamtsempha ka pafupi ndi mfundo ya dzanja kuti kapulumutse timinofu ta m'chikhatho pamene ulnar waduka kumtunda. Kafukufuku wa mu 2011 woyerekeza malipoti a kuvulala kwa mizu yakumtunda anapeza kuti odwala 83 mwa 100 alionse obwerekeredwa mtsempha anapinda chigongono ndi mphamvu ya 4 kapena kuposa, pamene a chigamba anali 56.

Njirayi ili ndi malire awiri. Oyamba ndi nthawi: imachita bwino kwambiri ikachitika miyezi isanu ndi umodzi isanathe, ndipo chaka chikadutsa mwayi umakhala utachepa kwambiri, poti mnofu wolandira ndi womwe uja wosadikira. Achiwiri ndi oti pafunika wobwereketsa. Mizu yonse isanu ikazuka mkono wonse umafa, ndipo madokotala amakabwereka mitsempha ya pakati pa nthiti kapena wa pakhosi wokweza phewa. Zotsatira zake zimakhala zochepa: chigongono chopinda ndi phewa lokhazikika, zala kawirikawiri sizibwerera. Wobwerekeredwa amafunikanso mafizo oleza mtima, chifukwa poyamba chigongono chimapinda pokhapokha akafumbata dzanja, kapena akakoka mpweya ngati mtsempha unachokera ku nthiti, mpaka ubongo utazolowera.

Ndinenepo za ululu, chifukwa ambiri amauvutikira mwakachetechete. Mizu ikazuka, dzanja lomwe silikumva kanthu limawawa ngati likuwotchedwa kapena kuphwanyidwa. Ena amafika popempha kuti mkonowo angoudula. Kudula sikuchotsa ululuwu, chifukwa gwero lake lili m'msana. Panado ndi bulufeni sathandiza kwenikweni. Mankhwala monga amitriptyline ndi gabapentin ndi amene madokotala amayamba nawo.

Kusamutsa tendon

Iyi ndi njira ya amene wafika mochedwa, ndipo ndikuona kuti sitiilemekeza mokwanira. Mnofu wakufa amausiya momwemo. Dokotala amatenga mnofu wamoyo umene ntchito yake ili ndi ogwira ena, amamasula tendon yake n'kuisokera ku tendon ya mnofu wakufa. Poti mnofu wosamutsidwawo uli ndi mtsempha wake wabwinobwino, palibe mpikisano ndi nthawi. Opaleshoniyi imatheka ngakhale patatha zaka zisanu. Sifuna maikulosikopu. Paul Brand anaigwiritsa ntchito ku Vellore ku India kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 powongola zala za odwala khate, matenda amene amawononga mitsempha yomweyi ndipo ife tikuwadziwa bwino.

Pa dzanja logwa chifukwa cha radial ndi pamene imawala kwambiri. Minofu itatu ya mbali ya chikhatho imasamutsidwa: umodzi kuti uzidzutsa dzanja, wina uziwongola zala, wachitatu uzitambasula chala chachikulu. Munthu amakhala m'chikhakha pafupifupi mwezi, amachita mafizo, ndipo pakatha miyezi itatu ambiri amakhala atayamba kuligwiritsa ntchito. Kubwereka mtsempha pa vuto lomweli kumapatsa zala ufulu woti chilichonse chiziyenda pachokha, koma kumatenga pafupifupi chaka. Kwa woyimba gitala kapena wolemba pa kompyuta amene wafika msanga, chakacho n'choyenera kudikira. Kwa mmisiri womanga nyumba amene ana akudikira fizi, ine ndingasankhe tendon.

Zofooka zake ndi izi. Mnofu wosamutsidwa umataya mphamvu pang'ono, choncho wofooka kale sathandiza. Pa ulnar opaleshoniyi imawongola zala zopindika ndi kulimbitsa kutsina, koma luso la timinofu ta m'chikhatho silibwerera lonse. Dzanzi silichoka ngakhale pang'ono. Ndipo chachikulu, mfundo za zala ziyenera kukhala zofewa. Tendon singakoke chitseko chimene mahinjesi ake achita dzimbiri. Mfundo ikakhala yopanda woigwira, dokotala amatha kuiumitsa kuti ikhazikike malo amodzi, monga phewa kapena mfundo ya dzanja. Kwa amene mnofu wake unatha ndipo palibe wosamutsa, kuli opaleshoni yaikulu yotenga mnofu wa m'ntchafu pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi n'kuuika pamkono, koma imachitika m'zipatala zochepa kwambiri.

Chimene wodwala ali nacho m'manja mwake

Njira iliyonse mwa izi imadalira ntchito ya tsiku ndi tsiku imene palibe dokotala angakugwirireni. Mfundo iliyonse ya chala chakufa iyenera kupindidwa ndi kuwongoledwa ndi dzanja linalo kangapo pa tsiku. Dzanja logwa lifunika chothandizira choligwira mowongoka, chimene a mafizo amapanga. Dzanja ladzanzi lisayandikire mbaula, poto kapena nsima yamoto maso ali kwina, ndipo khungu lake, poti silituluka thukuta, lizidzozedwa mafuta kuti lisang'ambike. Fodya amachepetsa magazi opita ku mtsempha umene ukumera.

Kwathu kuno ovulala ambiri amayamba kuonedwa ku chipatala chaching'ono kapena cha boma, ndipo akatswiri a mafupa ndi manja amapezeka m'zipatala zazikulu, monga ku Gulupu ku Blantyre, ku Kamuzu Central ndi ku chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe, komanso Beit CURE ku Blantyre kwa ana. Ulendo wa kalata yotumizira ndi umene umadya miyezi ija. N'chifukwa chake tsiku la bala ndi lofunika kuposa ena onse. Asanabaye jakisoni wochititsa dzanzi, wovulala atseke maso, wina amukhudze nsonga ya chala chamkombaphala ndi ya chaching'ono, kenako ayese kugunditsa chala chachikulu ku chaching'ono, kutambasula zala ndi kudzutsa dzanja. Kwa mwana wosatha kufotokoza, chala chouma chopanda thukuta, kapena chosachita makwinya chikaviikidwa m'madzi ofunda kwa kanthawi, chimaulula. Gadiyani afunse mwaulemu koma mosaopa: "Adokotala, mtsempha wa mauthenga mwauona? Wasokedwa? Ngati ayi, tikaonane ndi ndani, ndipo liti?" Yankho lilembedwe m'kabuku ka kuchipatala pamodzi ndi deti la ngozi.

Telala wathu uja, pa mwezi umodzi, sanachedwe. Nsonga za median wake mwina zabwerera m'mbuyo moti afunika chigamba chachifupi cha ku mwendo, koma mtunda wokafika ku mnofu wa chala chachikulu ndi masentimita ochepa, ndipo chaka chikamatha angathe kumva nsalu pakati pa zala zake, ngakhale mosafanana ndi kale. Akabwera patatha zaka ziwiri, mnofu uja udzakhala utaphwa. Adzamusamutsira tendon kuti azitsinanso, mwina adzamuikabe chigamba kuti azimva kutentha kwa simbi, koma singano azidzaigwira ndi maso.